Chaka chino aganyu sanabwere

Lolemba ndinadzuka m'mamawa, ndinatulutsa mpando pakhonde, ndinakhala. Pambali panga ndinaika dengu la chimanga ndi mbale yoyezera. Umu ndi mmene ndimachitira Januwale aliyense. Sindiitana munthu. Njala ndiyo imandiitanira. Dzuwa likamatuluka kuseri kwa phiri, pabwalo panga pamakhala pataima kale anthu ndi makasu awo: "Odi kuno! Kodi kuli kaganyu?" Ine ndimangoloza kumunda.

Lolemba limeneli sikunabwere munthu. Kunabwera galu wa eni ake, ananunkhiza dengu, nkumapita.

Lachiwiri ngakhale galuyo sanabwere.

Munda wanga uli m'mbali mwa njira yopita ku Madisi, ndipo aliyense wodutsa amauona. Mvula yagwa masabata awiri osapuma. Udzu unali utatsala pang'ono kulingana ndi chimanga. Mlimi aliyense amadziwa kuti ukachedwa kupalira, chimanga chimachita chikasu, ndipo feteleza amene unagulitsira mbuzi uja wanenepetsa udzu. Nkhokwe yanga ya chaka chino inali pamenepo.

Mkazi wanga Naphiri anati, "Pitani mukawafunse."

"Ine kukafuna aganyu? Munaona kuti chitsime chikutsata ndowa?"

"Tsabola wakale sawawa, bambo. Khalani pomwepo, mudzakolola udzu."

Ndifotokoze kaye chimene chinachitika kuno. Mu Novembala kunabwera anthu a bungwe lina pa galimoto yoyera. Analemba mabanja osauka, ndipo ndalama zinayamba kulowa pa foni. Osati chimanga, osati makuponi. Ndalama zenizeni, mwini achite nazo zimene akufuna. Ine sanandilembe. Anaona malata ndi ng'ombe ziwiri, nkupitirira. Sindinadandaule. Ndinanena poyera pa maliro ena kuti ndalama yopanda thukuta imathera ku mowa, ndipo pofika Januwale onsewo adzakhala ali pabwalo panga. Anthu anandimva. Ine sindilankhula monong'ona.

Lachitatu ndinavala jekete, ndinatsika phiri kupita kwa Anambewe. Awa ndi mayi wamasiye amene akhala akupalira munda wanga chimwalirire amuna awo. Khasu lawo silisiya udzu.

Ndinawapeza m'munda mwawo. Poyamba ndinaganiza kuti ndasokera. Munda umene ndimaudziwa ngati tchire unali woyera, chimanga chobiriwira mpaka kuda.

"Mwadzuka bwanji, Anambewe?"

"Ndadzuka, kaya inu a Mwale? Kwagwanji kumtunda?"

"Ndimangodutsa."

"Kudutsa kupita kuti? Njira iyi imathera m'munda mwanga muno."

Ndinatsokomola. "Udzu wa kwathu ukukufunsani."

"Mukaupatse moni. Mukauuze kuti chaka chino ndatanganidwa."

Wina anaseka m'kati mwa chimanga. Atadzutsa mutu ndinaona kuti ndi mlamu wanga Chikuse, bambo wa ana asanu, amene anandiuza sabata yatha kuti msana wamugwira, sangathe ngakhale kumanga nsapato.

"Alamu, msana uja?"

"Umapola ukafika kuno, alamu. Kuno amalipira ndalama, ndipo dzuwa likakwera kumabwera tiyi wa shuga."

Mlamu wanga, ganyu kwa Anambewe! Ndinafuna kukhala pansi, koma panalibe mpando.

Anambewe anatsamira mpini wa khasu nati, "Musakwiye, a Mwale. Zaka zonsezi nthawi ngati ino m'nyumba mwanga mumakhala mulibe ufa. Ndinkathamangira kwanu kuti ana adye. Ndikamaliza kwanu nkubwera kuno, ndimapeza chimanga changa chafa kale ndi udzu. Ndikolola madengu ochepa, Januwale wina ndili kwanu. Chaka chino zitalowa za pa foni zija ndinagula chimanga chodya ndi feteleza. Ndiye ndikasiye munda wanga chifukwa chiyani?"

Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, koma funso limeneli ndinalimva.

Abale, kwa zaka zambiri ndakhala ndikuphunzitsa achinyamata kuti munda umaulula mwini wake. Ndinkaloza wanga, kenako nkuloza wa Anambewe. Uku khama, uku ulesi. Koma munda wa khama uja ankapalira ndani? Waulesi yemweyo. Munda wake unkamera tchire chifukwa mwini wake anali m'munda mwanga, atawerama kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kuti alandire mbale ya chimanga.

Sindili ndekha. M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi muno tilipo ambiri a malata amene tikung'ung'udza chaka chino. Mukatimva ku tchalitchi, tikuti ndalamazi zawononga anthu, zabweretsa mwano, anthu sakufunanso ntchito. Bodza. Ntchito akugwira, koma akugwirira kwawo. Chimene chatisowa ife si anthu akhama. Chatisowa ndi anthu anjala.

Musati ndatembenuka mtima pa zonse. Alipo amene anakwaniritsa mawu anga. Wina kuseri kwa phiri anagula wailesi yaikulu ngati bokosi la maliro, ndipo pano akumvera nyimbo m'mimba muli pululu. Koma ndamufunafuna wachiwiri wake, sindinamupeze.

Tibwerere kumunda. Ndinati, "Chabwino. Nanenso ndilipira ndalama."

"Ndalama ndili nazo zondikwanira," anatero Anambewe. "Chimene ndilibe ndi manja. Chigawo cha kumunsi icho chatsala. Tichite dima ngati kale. Inu mubwere mawa ndi khasu lanu, mutithandize kuno. Loweruka ine ndi anzanga tibwera kwanu. Anaphiri aphike thobwa."

Kwa achinyamata amene simudziwa, dima ndi kulimirana. Lero tonse m'munda mwa uyu, mawa tonse m'munda mwa uyo. Palibe bwana, palibe waganyu. Bambo anga ankalima motero. Ine ndinasiya nditagula ng'ombe.

"Nditumiza munthu," ndinatero.

"Mutumiza ndani? Anthu anu onse ali kuno."

Chikuse anasekanso. Ameneyo ndidzaonana naye.

Lachinayi ndinafunafuna khasu langa. Ndinalipeza kuseri kwa nkhokwe, mpini utadyedwa ndi chiswe. Ndinatenga la Naphiri. Ndinadzera njira ya kudambo kuti anthu asandione, koma kudambo nkumene amayi onse a m'mudzi anali kuchapa.

"A Mwale, khasulo mukukagulitsa?"

Ndinangowonjezera liwiro.

Ndinapalira. Mzere woyamba ndinautha bwino. Wachiwiri, msana unayamba kulankhula. Wachitatu, ndinazindikira kuti mizere ya masiku ano ndi yaitali kuposa ya kale. Ndili pa wachisanu, Anambewe anabwera pambuyo panga, manja kumbuyo, akuyang'ana pansi.

"Bwererani mzere uwu. Mwangoukwirira udzuwu, simunaudule. Mvula ikagwa udzukanso."

Mawu amenewo ndi anga. Ndinkawauza iwo chaka ndi chaka, ndi manja kumbuyo momwemo. Ndinabwerera mzerewo. Udzu unalipodi.

Tiyi anabwera. Ndinamwa makapu awiri. Ndinena zoona: anali wabwino.

Loweruka anabwera anthu asanu ndi awiri, akuimba. Sanaime pabwalo kudikira kuti ndiloze. Analowa okha m'munda, ine pakati pawo, Chikuse pambali panga akundifunsa za msana. Pofika masana munda unali utayera. Chimanga cha kumtunda chipulumuka. Cha m'mphepete mwa khwawa chinali chitachita kale chikasu, ndipo sichibwereranso. Chimenecho sindinamizira bungwe, kapena foni, kapena Anambewe. Ndachipha ndine, ndi kudikira.

Anambewe potsazika anati chaka chamawa tichitenso. Ndinati tiona. Koma mpini watsopano ndadula kale.

Sindikupepesa kwa munthu. Ndikungonena zimene ndaona. Tsono inu anzanga amene minda yanu imawala chaka ndi chaka, nimumaima pa msonkhano kudzudzula ulesi wa amphawi, ndikufunseni: tsiku limene waganyu ali wowerama m'munda mwanu, m'munda mwake mumakhala muli ndani?