Zala ziwiri za malume

M'mawa uno ndaponda khombola lotha kale pamsewu. Fungo la wonga landibwezera m'galaja ya malume ku Hull, ku Mangalande.

Ndinali nditangofika kuchokera ku Malawi. Malume anali namwino, ndipo anali atangolowa kalabu yowombera chandamale. Zipolopolo ankadzipangira okha, chilolezo anali nacho. Timakoko tamkuwa ta zipolopolozo ankatindandalika pathebulo, n'kumathira wonga kamodzi m'kalikonse. Anandiuza kuti akamathira ndisawayankhulitse. Ine ndinkaganiza kuti akungondida.

Tsiku lina azakhali anandituma ndi tiyi. Kwathu mwana sangamuyang'ane wamkulu osapereka moni. Ndinagwada pasimenti yozizira.

"Mwaswera bwanji, malume?"

"Ndaswera, mphwanga. Sukulu bwanji?"

Atabwerera pathebulo anakanda mutu. "Ndinali pati kodi?" Anasuzumira pang'ono m'timakokomo, n'kupitiriza kuthira.

Loweruka mfuti inawaphulikira m'manja. Khoko limodzi linali ndi wonga wothira kawiri. Zala ziwiri zakumanja zinapita. Kubaya odwala jakisoni sanathenso, ntchito yaunamwino inatha.

Kuchipatala ndinaima kukhoma, pakamwa nditatseka. Ndinkakhulupirira kuti mawu anga ndiwo anaphulitsa mfutiyo.

"Iwe, Mangalande yakudyera ulemu?" anatero malume. "Moni uli kuti?"

Ndinangoyang'ana bandeji.

Lero ndikudziwa kuti munthu akasokonezeka amakhuthula makoko onse n'kuyambiranso, ndipo malume sanatero. Koma ndikapeza munthu ataweramira ntchito, ndimadutsa osamupatsa moni, anene kuti ndine wamwano anene.