Tinanyamula Atate pa Chitseko

Tsiku limenelo ndinali kuchapa yunifolomu ya atate kuseri kwa nyumba. Unali mwezi wa Okutobala. Thovu la sopo linkauma m'manja ndisanamalize kolala. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi.

Atate anali agemu. Ife ndife Achewa a kumtunda, koma ntchito inawatumiza kuchigwa, pa kampu ina kufupi ndi Malama, kuti azilonda njovu ndi zipembere. Pa kampupo panali nyumba zinayi, kanyumba ka malata kosungiramo katundu, ndi mlongoti wa wayilesi. Mnzawo wa atate anali a Mwape, Mbisa wa kutsidya kwa Luangwa. Agemu ena awiri anali kuthengo ndi mfuti zawo, ndipo akazi awo anali atapita kwawo.

Dzulo lake atate ndi a Mwape anabwera ndi minyanga imene analanda kwa mapocha, anthu opha njovu mozemba. Anaitsekera m'kanyumba kaja. Eni ake anailondola.

Mfuti yoyamba inalira cha m'ma naini koloko. Ndinayesa nthambi ya tsanya yathyoka. Kenako zinalira zambiri motsatizana, osati mmene zinkalirira mfuti za atate. Malata anayamba kubooka.

Ndinagona pansi pafupi ndi beseni. Madzi a sopo anandilowa m'khutu.

Ndinaona atate akuthamangira ku wayilesi. Sanafike. Anagwa chafufumimba pakati pa bwalo, nsapato imodzi itavuka. A Mwape anawombera kawiri, kenako anathawira kumtsinje n'kudumpha pagombe. Gombelo linali lalitali kuposa nyumba, ndipo dothi la pansi pake linali louma gwa.

Anthu aja anathyola loko n'kutulutsa minyanga. Anayatsa nyumba zitatu, yathu yokha moto sunagwire. Pochoka mmodzi anakuwa m'chilankhulo chimene sindinachimve. Amake Chanda, akazi a Mwape, anachimva. Anatiuza kuti anthuwo akukasiya minyanga, abweranso kudzadikira mfuti za agemu awiri aja.

Magazi a atate sanali ambiri. Panali kabowo kakang'ono kumsana, pamwamba pa lamba.

"Miyendo yanga ili kuti?" anafunsa.

"Ili pomwepo, atate ake Esinati," anayankha amayi.

"Sindikuimva."

Amayi anamasula chitenje kuti awabereke. Pamenepo anatulukira amake Jelita, mayi wachikunda amene anabwera m'mawa kudzagulitsa nsomba zouma. Anali atabisala pansi pa nkhokwe. Anawagwira amayi dzanja.

"Musawapinde, amayi. Mlongo wanga anagwa mu mtengo. Tinam'bereka, ndipo pofika kumudzi ngakhale manja anali atafa. Zulani chitseko."

Tinachizula ndi nkhwangwa. Tinawagubuduza atate tonse pamodzi, mutu ndi chiuno nthawi imodzi. Tinawamanga ndi chitenje ndi thalauzi yonyowa imene ndinali kuchapa.

A Mwape anapezedwa ndi asodzi awiri amene anabisala m'mabango. Sankatha kuimirira, koma zala za kuphazi ankagwedeza. Zitseko zina zonse zinali m'moto. Asodziwo anawaika mu ukonde n'kupisamo mtengo. Amake Jelita anakana, koma panalibe china, ndipo panalibe nthawi. A Mwape analendewera mu ukondemo, maondo ali pachifuwa.

Chitseko chimafuna anthu anayi. Ngodya yachinayi anagwira amake Chanda, khanda lili kumsana. Amuna awo anali patsogolo pathu. Ulendo wonse ankawayang'ana, koma ngodya sanaisiye.

Tinapewa msewu. Tinalowa m'nkhalango ya tsanya, momwe munalibe tsamba ngakhale limodzi. Dothi lake linali long'aluka, ndi mapazi a njovu ouma akuya mpaka m'bondo. Munthu akaponda molakwa, chitseko chinkapendekeka. Amake Jelita ankangoti, "Pang'onopang'ono." Ndiwo mawu okha amene tinayankhulana.

Akashembe atatu, ntchentche zoluma za kuthengo, anatera pamwendo wa atate. Ndinawaona akudzaza magazi. Atate sanagwedezeke. Ndinalibe dzanja lowaingitsira.

Masana tinamva mfuti kumbuyo kwathu, kutali. Khanda linayamba kulira. Amake Chanda analikokera kutsogolo ndi dzanja limodzi n'kulipatsa bere akuyenda.

Pa mtsinje wouma tinapeza chitsime chimene njovu zinakumba mu mchenga. Ndowe zake zinali zofunda. Tinamwa mofulumira. Atate tinawadonthezera madzi ndi nsonga ya chitenje, chifukwa sitinafune kuwadzutsa mutu. Thalauzi imene anavala inali youma. Kuyambira m'mawa sanakodze, ndipo pansi pa mchombo panali patatupa.

A Mwape anapempha kuti awaone mapazi. Msodzi mmodzi anawavula nsapato. Anawauza kuti agwedeze zala. Tonse tinayang'ana. A Mwape anafunsa ngati zikugwedezeka. Zala sizinkagwedezeka, ndipo msodziyo anawavekanso nsapato.

Dzuwa litapendeka tinafika pa mudzi wa amake Jelita. Amuna anatuluka, anaona malaya obiriwira, n'kuima patali. Masiku amenewo anthu a m'chigwa sankakondana ndi agemu. Njovu zinkawadyera mapira, koma iwo akapha mphoyo imodzi ankamangidwa.

"Uyu si uja anandilanda misampha?" anatero bambo wina wa ndevu zaimvi.

Amake Jelita anamuyankha m'Chikunda, mofulumira. Ndinangomva mawu oti mwana. Bamboyo anayang'ana manja anga. Khungu la m'zikhatho linali litasendeka. Kenako anandikankha ndi chigongono n'kugwira ngodya yanga. Ena atatu anatsatira. A Mwape anawachotsa mu ukonde n'kuwagoneka pa chitseko cha khola.

M'mawa mwake anatinyamulira mpaka pamsewu wopita ku Msoro. Lole ya kampani ya thonje inaima. Dalaivala anayala masaka opanda kanthu pansi pa zitseko. Anayendetsa pang'onopang'ono mpaka kumtunda. Amake Jelita anatsala pamsewu. Lichero lawo la nsomba linali litatsala ku kampu.

Tinafika ku chipatala cha mishoni madzulo. Namwino anawaika atate kapayipi. Mkodzo unadzaza botolo.

M'chipinda cha othyoka msana munali mabedi asanu. Pa khadi la aliyense panalembedwa mtundu wake. Panali Mngoni amene lole inamugudubukira, Mnsenga amene ng'ombe zinamukoka ndi goli, ndi Mkunda amene anagwa mu mtengo pothawa njati. Atate ndi a Mwape anadzaza otsalawo.

Amayi anafunsa ngati pali mtundu wina umene umachira msanga. Namwino anapukusa mutu.

"Msana ndi umodzi, amayi. Ine ndimafunsa zitatu. Wafika patapita masiku angati? Anamunyamula bwanji? Nanga azimutembenuza ndani?"

Anati a kumtunda amafika tsiku lomwelo, pa galimoto. A kuchigwa amafika mochedwa, ena atayamba kale zilonda. Mkunda uja anatha masiku asanu panjira. Anamwalira ife titakhala sabata imodzi. Anamwino anachapa matilesi ake n'kuwayanika padzuwa.

Dokotala anawabaya atate ndi singano kuyambira kuphazi kukwera. Anayamba kumva pamchombo. Anajambulapo mzere ndi bolopeni. A Mwape mzere wawo unali pachifuwa.

Tinaphunzira kutembenuza munthu maola awiri alionse, atatu pamodzi. Tinkawapaka mafuta pa matako ndi pa zidendene. Ife tinali pafupi ndi kwathu, choncho azakhali anabwera kudzatithandiza. Abale a Mwape anali kutsidya kwa mtsinje ndi kuseri kwa mapiri. Kalata inapita, yankho silinabwere. Tikamaliza atate tinkapita pa bedi lawo.

Mvula yoyamba itagwa, a Mwape anayamba kutentha thupi. Mkodzo wa m'botolo lawo unasanduka woderako ngati thobwa. Chifuwa chinadzaza, koma analibe mphamvu yotsokomolera. Chinyanja chinawathawa. Ankangoyankhula Chibisa. Tsiku lina masana, amake Chanda ali kotunga madzi, a Mwape anayamba kuitana mayina. Atate ankadziwa Chibisa pang'ono, cha kuthengo. Sankatha kutembenuka kuti awaone. Ankangoyankha akuyang'ana kudenga, dzina lililonse, kuti ndili pano.

Amake Chanda pobwera anapeza namwino atatseka kale nsalu yotchinga bedi la a Mwape.

A Mwape anaikidwa ku manda a mishoni. Pa maliro tinalipo anthu asanu ndi awiri. Akazi awo anakwera lole ya ku Chipata ndi khanda, ndipo sitinamvenso za iwo.

Atate anatuluka patapita miyezi inayi. Sanayendenso. Anakhala zaka zina zambiri kwathu kumtunda, akusoka nsapato pakhonde, ndipo ana anga onse anawanyamulapo pamiyendo. Ku Malama sitinabwerereko. Dzina lenileni la amake Jelita sindinalifunse.