Nyali Imene Inaona Apongozi

A Jonasi anabadwira m'komboni ya pa esiteti ya tiyi m'chigwa cha Honde. Bambo awo anachokera ku Thyolo wapansi, nafera konkuno osaonanso kwawo, ndipo chimene anasiyira mwana wawo ndi zala zodziwa kuthyola nsonga za tiyi. Munda analibe. Anzawo Achimanyika, eni deralo, akamati akupita kumusha, ndiko kumudzi kwawo, a Jonasi ankangomwetulira, poti kwawo kunali chitseko cha m'komboni basi.

Anali munthu wamtali, wofatsa, wolankhula ngati akuopa kudzutsa khanda. Masiku opuma ankanyamulira katundu alendo okwera phiri la Nyangani. Alendowo atayamba kuchepa, mmodzi mwa omalizira anayala pa udzu zinthu ziwiri potsanzikana: tochi yaikulu ya m'manja, yowala ngati ya galimoto, ndi kanyali ka lamba kovala pamphumi. Anati asankhe chimodzi. A Jonasi anaitola tochiyo, naimva kulemera, naibweza pansi. Wothyola tiyi amadziwa kuti dzanja limodzi silidzaza dengu. Anatenga kanyali.

Mkazi wawo Loness anaseka mpaka misozi. "Amuna anga, mwasiya tochi yeniyeni n'kutenga chiphaniphani? Tavalani ndione. Eee, ng'ombe ya diso limodzi!"

Kenaka zinafika zaka zija ndalama zinasanduka masamba ouma. Ntchito inatha, ndipo nyumba ya m'komboni inapita nayo limodzi. A Jonasi anatenga mkazi ndi ana, Fungai ndi abale ake, kukakhala kwa apongozi awo, mai Tecla, chakumtunda kwa Ruda, kumene malemu amuna awo anawasiyira kamunda ka nthochi. Mai Tecla anali mwana wa anthu akwathu, wosunga mwambo wakale osataya n'kachidutswa komwe. Mkamwini sankakhala nawo mphasa imodzi, sankadya iwo akuona, akakumana panjira ankapatukira kuthengo n'kupereka moni atafulatira. A Jonasi ankasunga zonsezi mosanyinyirika. Ankangowadziwira apongozi awowo mawu ndi mapazi. Nkhope anali asanaipenyetsetsepo. Ankadziwanso kuti mkamwini akalakwa amamanga katundu wake, ndipo iwo analibe kokamumasulira.

M'masitolo a ku Hauna munatsala fumbi lokhalokha. Amayi a m'mudzimo anayamba kuoloka malire kupita ku Mozambiki, kukasinthanitsa nthochi ndi chimanga. Ankanyamuka tambala woyamba atalira kuti akwere zitunda dzuwa lisanapse. Kanjira kake kanali kopapatiza, ndipo akuluakulu ankachenjeza kuti m'mbali mwake mudakali mabomba a nthawi ya nkhondo. Pankafunika kuwala, pankafunikanso manja onse awiri ogwira mtolo ndi ndodo. Apa chiphaniphani chija chinapeza ulemu wake. A Jonasi ankatsogola, thumba lili kumsana, kuwala kukuloza kulikonse kumene maso awo aloza. Amayi anawapatsa dzina.

"Tsogolani, a Mwezi, ife ndife nyenyezi zanu!"

Munthu amene anakula akuyang'ana pansi anayamba kuyenda khosi lili chilili.

Panjirapo panali kamtsinje kamene nyengo ya mvula kankafika m'chiuno. Panali lamulo lake losachita kunena. Mwamuna ankaoloka yekha, n'kukakhala patsidya atafulatira, nyali atazimitsa. Amayi ankavula, kumangirira zovala pamwamba pa mitolo, n'kuoloka mumdima atagwirana.

Tsiku lina Loness anadwala malungo, ndipo mai Tecla anati mtolo wa mwana wawo ausenza okha. A Jonasi anaoloka monga mwa masiku onse, nakhala pamwala atafulatira. Koma munga unali utawalasa kuphazi, ndiye anaisiya nyaliyo ikuyaka kuti auzule. Ali chiweramire, kumbuyo kunamveka phava! ndi mfuu: "Mayo ine!"

Khosi silipempha chilolezo. Anacheuka.

Tochi ya m'manja ikanatsala ikuunika phazi. Iyi inatembenuka pamodzi ndi mutu, nikagwera pakati pa mtsinje, pa mai Tecla, amene anali ataterereka pamwala ndipo ankadzuka m'madzi opanda n'kansalu komwe. Anayang'anizana. Diso la munthu likalakwa limalakwa mwakachetechete, mwina mwini yekha n'kudziwa. Koma ili linali diso loitana mboni: amayi onse anaona chimene mkamwini anaona.

A Jonasi anaphimba nyaliyo ndi chikhatho, kuwala kukutuluka kofiira m'mipata ya zala. Mtsikana wina, Letwin, anangoti, "Maiwe, mukuwasha!" Ndiko kuti mkamwini m'Chimanyika. Ndipo palibe anaseka. Akanaseka zikanapepukako.

Ulendo wonsewo anayenda patali patsogolo, ndipo palibe anawaitana ndi dzina lija. Pobwera sanalowe pabwalo. Anasiya thumba la chimanga pampanda, nakabisala m'munda wa nthochi. Loness anawapeza kumeneko madzulo, atafunda nsalu, akunjenjemera ndi malungo ndi mkwiyo womwe.

"Mudzi wonse ukukamba za amayi anga. Mwandivula ine, bambo a Fungai."

"Ndinamva ngati munthu akumira."

"Pakamwa munalibe? Mukanafunsa! Mpaka kuunika?"

A Jonasi anangokanda pansi ndi kamtengo.

"Akanena kuti muchoke, ine ndidzati chiyani? Ana awa mupita nawo kuti?"

A Jonasi anagona masiku angapo m'kamsasa ka m'mundamo, akudya nthochi zootcha, akamva mapazi n'kudzipanikiza kuseri kwa masamba ngati wakuba. Potsiriza anatapa chimanga chimene anasenza, nakasinthanitsa ndi nkhuku yathadzi, napita nayo kwa a Stanislaus, mlongo wa mai Tecla, amene anali nkhoswe ya ukwati wawo. Mkuluyo anamva nkhaniyo atatseka maso.

"Mkamwini, milandu ndaweruza yambiri, koma uwu ndilibe poyambira. Tiyeni, tikamve okha."

M'mawa mwake a Stanislaus anakhala pakhonde ndi mlongo wawo, nkhuku ili pansi yomanga miyendo. A Jonasi ananjuta kuseri kwa khitchini, atafulatira. Anamva nkhoswe ikuzungulira ndi mawu, ikuti mwana walakwa, wabwera kudzagwira mwendo, zamumtsinje zija.

Mai Tecla anapitiriza kusankha nyemba m'lichero.

"Zamumtsinje ziti, achimwene?"

"Zija za nyali."

"Ine nyali sindinaione. Ndinaona mphezi. Kunja kunali mitambo, kunang'anima kamodzi, basi. Mkamwini wanga anali patsidya atafulatira monga amachitira masiku onse. Kodi mphezi imalipa nkhuku?"

A Stanislaus anatsokomola. "Koma amayi ena aja akuti..."

"Amene anaona zina abwere adzanene pamaso panga." Lichero linagunda pansi. "Nkhukuyo imasuleni, iziikira adzukulu anga mazira. Ndipo muwauze bambo a Fungai kuti denga la khitchini likudontha. Udzu uli kuseriko, sindidziwa akudikira chiyani."

Kuseri kwa khitchiniko a Jonasi anagwira kumaso ndi manja onse awiri. Akanawakalipira, akanawalipitsa mbuzi, mwina manyazi akanatha ndi malipirowo. Koma mayi wachikulire, wa Mvano, wosadziwa bodza, ananama pamaso pa mlongo wake kuti mkamwini asasowe pogona, ndipo mayiyo ndi mkamwiniyo onse awiri ankadziwa.

Tsiku lomwelo anakwera padenga. Anafolera mpaka dzuwa kupendeka, nkhope ataloza kuphiri, pamene pansi mai Tecla ankaponya mitolo ya udzu m'mwamba osayang'ana kumene ikugwera.