Jamu wa Mayi a ku Pollokshields

Mawu oti bilberry ndinawamva koyamba m'holo ya tchalitchi chathu ku Springburn, kuno kwa Askotishi, ndipo anabwera ngati chidzudzulo. Inali sabata yanga yokonza tiyi, ndiye ndinagula makeke okhala ndi tizipatso takuda mkati. Pampingo pathu panali mayi ena okhala ku Pollokshields, dera la anthu opeza bwino, a ku Dedza ngati ine ndemwe, koma Chichewa ankachiyankhula monyansidwa ngati akutola chisanza ndi zala ziwiri. Anabenthula keke, n'kusuzumira mkati, n'kuibweza m'mbale.

"Awa ndi ma blueberry a m'shopu, achemwali. Madzi okhaokha. Munalawapo bilberry inu?"

Ndinati ayi. Basi, ulaliki wachiwiri unayambira pomwepo. Bilberry, anatero, ndi kachitsamba ka kuphiri kosafika m'mawondo, salima, kamamera kokha. Zipatso zake sizibala m'magulu ngati blueberry, zimakhala chimodzichimodzi kapena ziwiri, ndipo mkati mwake n'zofiira moderapo, zothimbiriritsa lilime. Anthu a kuno amati blaeberry, chifukwa blae kwa iwo ndi mtundu uja umaoneka pakhungu magazi akaundana. Anatchulanso abale ake, kena kofiira kowawasa kotchedwa cowberry. Zonse anali kunena zoona, ndipo n'zimene zinandinyansa kwambiri.

Mnzanga wa ku Maryhill, namwino, anayankha mwaulemu. "Ndiye kuti zili ngati nthudza, mayi."

Anaseka. "Nthudza? Zija timalimbirana ndi anyani? Musafanizire."

Munthu amene anakula akutola masuku m'mawa asanapite kusukulu, lero akuti anyani. Ndinangomwa tiyi wanga.

Chilimwe chitafika, mayi aja anakonza ulendo wa amayi ampingo wopita kumapiri a kumpoto kwa mzinda, akuti tikaphunzire. Tinapita pa minibasi ya tchalitchi. Iwo anabwera pagalimoto yawo, atavala nsapato zoyera ndi chipewa chachikulu. Titafika anatilozera kumtunda ndi makiyi.

"Zili uko. Muziyang'ana pansi pa masamba."

Tinakwera. Ntchito yake ndi yoweramira, msana kuwawa, tizipatso tating'ono kuposa nandolo. Kunalinso tizilombo touluka ngati fumbi, toluma m'makutu ndi m'tsitsi momwe. Koma kukoma kwake sindingakane. Tinayamba kuseka poonana milomo yakuda, mayi busa n'kuyambitsa nyimbo, ndipo kwa kanthawi ndinaiwala amene anatibweretsa. Nditacheuka ndinawaona kumunsi, ali m'galimoto, magalasi otseka, akuyankhula pafoni.

Titatsika anatuluka ndi chidebe chachikulu. Anati zipatsozi sizichedwa kuwonongeka, ndipo ife sitingadziwe kasamalidwe kake, bola tiphatikize akazikonze okha. Mayi busa anathira zawo, ndiye ife tikanakana bwanji? Asanatseke chidebe anafinya tizipatso tingapo, n'kudzipaka m'zala, n'kupempha namwino uja kuti awajambule atatembenukira kuphiri.

Lamlungu la zokolola, patebulo la kutsogolo panali mabotolo a jamu omangidwa timaliboni. Botolo lililonse linali ndi dzina lawo. Pa zolengeza, mkulu wa mpingo, Mskotishi wokalamba wa mtima wabwino, anawathokoza chifukwa chokwera phiri ndi kutola ndi manja awo chipatso chimene iye ankatola ali mwana. Mayi aja anaimirira, dzanja pamtima, n'kuweramitsa mutu. Ife otola tinali pabenchi yachitatu, tikudzikandabe m'khosi mmene tizilombo tija tinatiluma. Mayi busa ankayang'anitsitsa buku la nyimbo ngati muli vesi latsopano.

Pa tiyi anandipeza ndikutsuka makapu.

"Mwalawa, achemwali? Tsopano mwadziwa kusiyana kwake."

"Ndalawa, mayi. Wapsererako pang'ono."

Sindinaname. Anathira shuga wambiri n'kumusiya pamoto mpaka kumveka ngati chikang'a cha mphika. Tsiku lonse la misana yathu linathera mmenemo.

Chaka chotsatira analengezanso ulendo, akuti tsopano tikatole zambiri. Amayi onse anavomera ndi mitu mwaulemu. Tsiku litayandikira, aliyense anapezeka kuti ali ndi shifiti, ngakhale mayi busa amene sagwira ntchito kuchipatala kapena kosamalira okalamba. Ine ndi namwino uja tinakwera basi Loweruka lina patokha, ndipo zimene tinatola tinadyera konko, titakhala pamwala.