Amake Jared ndi Chipale Choyamba

A Clementina a ku Finglas si munthu wosunga mawu m'kamwa, ayi ndithu. Ukalakwitsa amakuuza pomwepo, kaya pali alendo kaya ndi m'basi. Anabadwira ku Phalombe, m'munsi mwa phiri, ndipo ali mtsikana anaona napolo atatsika ndi matope ndi miyala n'kukokolola nyumba za kutsidya. Ku Ireland anafika Jared ali kumsana, anavutika zaka mu hostel kudikira mapepala, ndiye pano amasamalira okalamba m'makomo mwawo. Mwana ndi yekhayo basi.

Ndiye mwanayo, mwa masewera onse a padziko pano, anasankha ma ski, aja otsetsereka paphiri ndi timatabwa kumapazi! Osati kotsetsereka alendo kumene kuli oyang'anira, iyayi. Iye ndi anzake a ku koleji amakwera okha mapiri a ku France, kuseri kopanda njira, n'kutsika pa chipale chofewa, chija kuno amangoti snow, chimene munthu sanapondepo. Mwana wa Mlomwe, abale inu!

Mmodzi mwa okalamba awo ndi a Fintan, miyendo inatha koma mutu uli bwinobwino. Pa unyamata wawo ankachita zomwezi. Kumayambiriro kwa Disembala, a Clementina akuwawenga zikhadabo, anatchula monyadira kuti Jared anyamuka Lachisanu. Nkhalambayo inabweza dzanja.

"Msanga chonchi? Muuzeni adikire."

Inafotokoza pang'onopang'ono, poti nkhani za nyengo ya kumapiriko imazitsatirabe. Mu Novembala chipale chinagwa chochepa, kenako kumwamba kunayera n'kuzizira koopsa. Chipale chopyapyala chikakhala pa chisanu chotero chimasanduka ngati shuga, sichigwirana. Tsono sabata imeneyo kunagwa china chambiri, ndi mphepo, n'kukhala pamwamba pa chosagwirana chija. Pamaso chimaoneka chokoma, koma munthu mmodzi akapondapo, mbali yonse ya phiri imang'ambika n'kutsika naye.

"Mng'ono wanga tinamufukula atauma kale," anatero a Fintan. "Musamuzungulire. Muuzeni kuti akafa."

Apa ndiye panavuta. Kwawo kwa a Clementina, wapaulendo sumutchulira imfa. Ukatero ndiye kuti wamuitanira tsoka, ndipo chikachitika chinthu anthu amaloza pakamwa pako. Iwo ali mwana analandirapo mbama kwa amayi awo chifukwa chongouza amalume kuti basi ingagubuduke. Zimenezi zinawalowa m'magazi, moti kuwoloka nyanja sikunazichotse.

Lachinayi anamupeza Jared akulongedza chikwama.

"Iwe, akuti nyengo si yabwino uko. Bwanji upite chaka chikatha?"

Jared Chichewa amamva, koma kuyankha ndi Chingerezi basi. "Mum, relax," anatero akuseka, n'kuwauza kuti chipale chambiricho ndiye chimene iwo akufuna. Mawu a nkhalamba aja anafika pakhosi, n'kubwerera. Mayi woopedwa Finglas yonse chifukwa cha pakamwa anangomugwira mutu mwana wawo, kumupempherera, n'kuti, "Uyende bwino, mwanangu." Basi! Zokwiyitsa, komanso zomvetsa chisoni.

Lamlungu Jared anatumiza chithunzi. Anali ataima pansi pa phiri loyera mbuu, mano onse pamtunda, akuloza kumene akwere mawa lake. Lolemba a Clementina anaonetsa a Fintan. Nkhalambayo inavala magalasi, inayang'ana nthawi yaitali osaphethira.

"Munamuuza?"

"Ndinamuuza kuti ayende bwino."

A Fintan anawabwezera foni n'kutembenukira kuwindo. Kutembenuka kumeneko ndi kumene kunawathyola mtima a Clementina. Anathamangira kukhitchini n'kujambula mawu pa WhatsApp. Ananena zonse, za chipale chosagwirana, za mng'ono wa a Fintan. Pomaliza anakuwa akulira, "Jared, tsika! Ukufa iwe!"

Uthenga unapita, koma sunafike. Anatsiriza ntchito, anakwera basi, maso ali pa foni, kachizindikiro kali kamodzi komweko. Anadziuza kuti kumapiri netiweki imavuta. Atatsika pa siteji yawo, kunja kukuwaza kamvula kozizira, foni inalira. Nambala yake inali yachilendo, ya ku France. Anaima pomwepo, foni ikulira m'manja. Chimene chinali m'mutu mwawo n'chakuti imfa ija anaitchula okha, ndi pakamwa pawo, mwana ali paulendo.