Tsiku Limene Amayi Anadzutsa Mfumu ya ku Falansa

Ndili Fomu 3 ku Chegutu, aphunzitsi athu a mbiri yakale anaganiza zoti pa tsiku lopereka mphoto tichite sewero la mmene anthu a ku Falansa anachotsera mfumu yawo pampando. Nkhaniyo tinali titailoweza mpaka kutopa nayo. Anthu anakwiya ndi njala ndi misonkho, anagwira mfumu n'kuidula mutu, kenaka msilikali wina wamfupi anadziveka yekha chisoti n'kuyamba kuwalamulira kuposa mfumu ija. Pogawa mbali, ufumu unagwera ine.

Kwa ine chimenechi sichinali chinthu chamasewera. Ife ana a anthu ochokera ku Nyasalande, m'masewero a kusukulu tinkangokhala alonda kapena olima m'dimba la bwana, ndipo ntchito yathu inali kulankhula Chishona chopotoka kuti anthu aseke. Chaka cham'mbuyo mwake ndinali mtengo. Tsono ndinatsimikiza mtima kuti ndidzafa bwino, mwaulemu, pamaso pa sukulu yonse, kuti onse ondiseka aja atseke pakamwa.

Kunyumba ku Chinengundu amuna onse anaigwira nkhaniyi ndi manja awiri. Bambo ankagwira ntchito ku fakitale ya nsalu, ndiye anandibweretsera chotsalira cha nsalu ya makatani, ya maluwa akuluakulu ofiira, kuti chikhale mkanjo wachifumu. Malume anga a ku Kadoma, omwe anali kalipentala wa kumgodi, anayang'anitsitsa chithunzi cha m'buku langa n'kunena kuti makina odulira mutu ndi ntchito yochepa. Anawakhomadi. Mpeni wake unali thabwa lopakidwa utoto wonyezimira, lotsika ndi chingwe n'kuima pa msomali pamwamba pang'ono pa khosi. Anabwera nawo pa kombi atawanyamula pamiyendo. Kondakitala atafunsa kuti n'chiyani chimenecho, malume anayankha mosaseka kuti ndi chodulira mutu wa mphwawo, ndipo akuti mayi amene anakhala nawo pafupi anatsikira panjira.

Vuto linali amayi. Poyamba ankanyadira, mpaka anauza anzawo a kutchalitchi kuti mwana wawo wapatsidwa ufumu wa azungu. Ataona makina aja pakhonde, anafunsa kuti seweroli likutha bwanji. Ndinawafotokozera.

"Ayi," anatero. "Munthu sayeserera imfa. Amenewo ndi malaulo."

"Mhamha, idrama chete," ndinatero, kutanthauza kuti ndi sewero chabe. Masiku amenewo Chichewa ndinkachimva bwinobwino koma ndinkayankha m'Chishona.

"Drama yakoyo! Bwanji osadula mwana wa ahedi?"

Bambo anayesa kundithandiza. "Mayi, mfumu imeneyi inafa kalekale. Mwanayu akungoonetsa zomwe zinachitika."

"Pomwe ankaidulapo, mayi ake anali kuti?"

Amayi analumbira kuti phazi lawo siliponda kusukuluko, ndipo ine mumtima ndinathokoza Mulungu. Ndinkakonzekera imfa yanga kuseri kwa nyumba, khosi nditaika pa benchi, nkhuku zikundiyang'ana. Amayi anandipezerera kawiri konse, ndipo kawiri konseko mfumu ya ku Falansa inathawa tsache.

Tsikulo litafika, holo inadzaza. Anzanga analowa atanyamula makasu ndi mithiko akukuwa kuti, "Tinoda chingwa!" kutanthauza kuti akufuna buledi. Makolo anawomba m'manja mwamphamvu, bambo wina kumbuyo mpaka anaimirira kuvomereza, poti buledi anali atakwera mtengo kwathu komwe. Ine ndinakhala pa mpando wa ahedi, makatani anga ali pamapewa, chisoti cha katoni chili kumutu, ndikuyang'ana anthu monyoza monga anandiphunzitsira. Ndili mkati monyoza choncho, maso anga anakumana ndi a amayi. Anali pa mzere wachitatu, chikwama atachigwira pamiyendo, osaseka ngakhale pang'ono.

Ndinalimba mtima. Anzanga aja anandiweruza, anandivula chisoti n'kuchiika pambali kuti chidikire mnzanga wamfupi amene ankasewera msilikali uja. Ndinanena mawu anga otsiriza osaphonya ngakhale limodzi, ndipo holo yonse inangoti zii. Ndinagwada, n'kulowetsa khosi. Ng'oma inalira. Thabwa la malume linatsika n'kuima pa msomali wake, kabichi amene anaimira mutu wanga anagwera m'dengu, ndipo atsikana awiri anandifunditsa nsalu yoyera kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Za nsaluyi aphunzitsi anaziganiza m'mawa womwewo, kuti anthu asaone kuti mutu weniweni udakalipo.

Anthu anayamba kuwomba m'manja. Pansi pa nsalu ija ndinkamwetulira ndekha, ndikudziwa kuti ndafa bwino. Kenaka ndinamva nsapato zikukwera masitepe. Nsapato zimenezo ndinkazidziwa.

Nsalu inachoka. "Dzuka."

"Mhamha, ndafa," ndinanong'ona.

"Dzuka ndisanakudzutse ndine."

Ndinadzuka. Holo inaphulika ndi phwete, ena mpaka kugwa m'mipando. Aphunzitsi anathamangira pasiteji akuti, "Mai, ndapota," koma amayi anangowayang'ana kamodzi, aphunzitsiwo n'kubwerera chambuyo. Amayi anandigwira pamkono. Anatola chisoti chija, poti anandiona ndikuchimata ndekha kunyumba ndiye chinali chathu. Anatolanso kabichi, ati ndiwo zabwinobwino sizingatayidwe pansi chifukwa cha azungu akufa. Tinatuluka pakati pa anthu, iwo patsogolo, ine pambuyo ndikukoka makatani.

Zotsalazo ndinachita kumva mawa lake. Aphunzitsi anakankhira mnzanga wamfupi pasiteji kuti sewero lipitirire. Iye anafunafuna chisoti osachipeza, ndiye anatola dengu lija n'kudzivundikira nalo kumutu, n'kulengeza ali m'kati mwa dengumo kuti tsopano ndiye wolamulira wa Falansa yense. Malume anakhalabe mpaka kumapeto. Iwo chowakondweretsa chinali chakuti msomali wawo unagwira.

Panjira yopita ku Chinengundu ndinalira ngati kamwana. Ndinakwiya zenizeni, ndipo mkwiyowo unanditulutsa Chichewa chomwe sindinkadziwa kuti ndili nacho.

"Mwandichititsa manyazi! Tsiku limodzi lokha lomwe sankandiseka, inu mwawapatsa choti aziseka mpaka ndidzamalize sukulu!"

Sindinaname. Anandisekadi mpaka Fomu 4, ndipo pali ena ku Chegutu amene mpaka lero akandiona amati dzuka.

Amayi anangopitiriza kuyenda. Tinadutsa azimayi ogulitsa tomato, tinawoloka msewu, iwo kabichi ali m'khwapa. Titayandikira kunyumba anaima, osanditembenukira.

"Kudula kuja ndinapirira," anatero. "Ndinauza mtima wanga kuti ndi thabwa la malume ako. Koma nsalu ija. Iwe usanabadwe, ndinafunditsapo mwana wanga nsalu yoyera ngati imene ija, ndi manja angawa, ndipo nditamuuza kuti adzuke sanadzuke. Tiye, pukuta mamina, anthu akuona."