Timbewu Tinayi ta M'magazi a Mwana Wanga

Ndine mphunzitsi, ndipo aphunzitsi tili ndi nthenda imodzi: timakhulupirira kuti munthu ukamufotokozera bwinobwino, amva. Nthenda imeneyi ndiyo inandithetsera banja.

Boma litanditumiza kuchoka kwathu ku Dedza kudzaphunzitsa pafupi ndi Khombedza, ndinkati ndikhalako zaka ziwiri basi, poti kutentha kwa kuno si kwa munthu wobadwira kumapiri. Koma ndinakwatiwa ndi msodzi. Anali munthu wosalankhulalankhula, wa manja okhakhala, amene ankandidikirira kunja kwa mpanda wa sukulu ndi utaka wouma m'pepala la shuga. Ndinamukonda, sindingabise. Tinabereka mwana mmodzi, wamkazi.

Mwanayo atangosiya kuyamwa anayamba kutisokoneza mitu. M'manja munali mbee, m'zikope mbee, maso achikasu, kamimba kotupa chakumanzere. Anzake akamathamangitsana iye ankakhala pansi n'kumawaonerera ngati nkhalamba. Kuchipatala chaching'ono ankati magazi ndi ochepa, n'kutipatsa mapiritsi owonjezera magazi. Kunyumba ndinamuwiritsira masamba a mapeyala, ndinamumwetsa chidede, bonongwe anadya mpaka kumuda. Palibe chinasintha.

Mwamuna wanga ankapha nsomba ku Mbenji. Pachilumba chimenechi malamulo ake ngolimba, mowa sulowako ndipo mkazi sapondako. Nyengo ya usodzi ikatsegulidwa, amuna amakhala komweko masabata angapo osaona kwawo. Ine lamulo limeneli linkandisangalatsa, ndipo ndinkanyadira kwa aphunzitsi anzanga kuti wanga yekha ali m'khola lotseka. Sindinadziwe kuti lamulo lomwelo lidzandiweruza ine.

Tsiku lina apongozi anga, mayi ake a mwamuna wanga, anamukweza mwanayo kadiresi, n'kumusisita pamimba, n'kunena kuti ili ndi tsempho. Aliyense kuno amadziwa kuti mwana amasemphedwa pamene mmodzi wa makolo ake wayenda njira za kumbali, kenako n'kubwera kudzamugwira kapena kumuthirira mchere m'ndiwo.

"Tsono bambo wake amakhala ku Mbenji kopanda mkazi," anatero apongoziwo, maso ali pa mwana. "Nanga wamusempha ndani?"

Masamu ake anali osavuta, ngakhale wa sitandade wani akanapeza yankho. Mwamuna wanga atabwera kumtunda n'kuimva nkhaniyo anangoti, "Amayi, tiyambe tamva za kuchipatala." Aka kanali komaliza kundiikira kumbuyo.

A kuchipatala chaching'ono anatitumiza kuchipatala chachikulu ku Lilongwe. Anatenga magazi a mwana, anatenganso anga, ndipo zotsatira tinadikira miyezi. Dokotala amene anatiitana anali mayi wodekha. Anajambula timizere tinayi papepala n'kunena kuti nthendayo dzina lake ndi alufa thalasemiya. Anati munthu aliyense amabadwa ndi timbewu tinayi topangira kufiira kwa magazi, tiwiri tochokera kwa mayi, tiwiri kwa bambo. Kuno kwathu ambiri amasowa kamodzi, ena tiwiri, kamodzi mbali iyi kamodzi mbali inayo, ndipo amakalamba osadziwa. Anati mwinanso zimenezi zimawatchinjiriza ku malungo aakulu. Koma ine ndinali wosiyana: tiwiri tanga tinasowa mbali imodzi, mtundu umene supezekapezeka mwa anthu akuda, umapezeka kwambiri mwa anthu a ku Asia. Mwana wanga anatengera mbali yanga yopanda kanthuyo, n'kutengeranso kwa bambo wake mbali yosowa kamodzi. Pa timbewu tinayi anatsala ndi kamodzi kokha.

Anandiuza kuti ndisiye mapiritsi aja, chifukwa sakuthandiza ndipo akungounjika chitsulo m'thupi la mwana. Anati mankhwala ochiza palibe, nthendayi adzakhala nayo moyo wake wonse. Anapempha kuti bambo wake abwere adzayezedwe.

Mukhulupirire, ndinabwerera mu minibasi ndikumwetulira. Mwana wanga anali atangopezeka ndi nthenda yosachizika, koma ine chitsiru ndinkangoganiza kuti ndapeza umboni woti si tsempho.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinawasonkhanitsa pakhonde: mwamuna wanga, apongozi, ndi mlamu wanga, mchemwali wake wamkulu wa mwamunayo. Ndinayala njere zinayi za chimanga pamkeka n'kuyamba kuphunzitsa ngati ndili m'kalasi. Ndinachotsa ziwiri, ndinachotsanso imodzi. Ankamvetsera, ndipo ndinaona apongozi akugwedeza mutu. Ndikanalekera pomwepo. Koma mphunzitsi safuna kusiya phunziro la theka, ndiye ndinawonjezera kuti mtundu umenewu ngwosowa kuno, umapezeka kwambiri kwa anthu a ku Asia.

"A kuti?" anafunsa mlamu wanga.

"A ku Asia. Amwenye ndi mitundu ina ya kumeneko."

Kenako mlamuyo anaomba m'manja kamodzi, pang'onopang'ono. "Ndiye mwatiuza nokhatu, aphunzitsi. Mwanayu ngwa mmwenye."

Nthawi yomweyo anakumbukira kuti ndimapita ku boma mwezi uliwonse, ndiponso kuti nsalu zanga ndimagula m'sitolo za amwenye. Ndinakalipa, ndinanena kuti chinthucho chili m'magazi mwanga momwe, ndipo kambewu kachitatu kanasowa kuchokera kwa mwana wawo. Ndinamugwira mwamuna wanga dzanja kuti tipite akamuyeze, nkhani ithe. Anachotsa dzanja lake mwaulemu.

"Ine magazi anga ngabwinobwino," anatero. "Ndimakoka ukonde wa chilimira osapuma. Munthu wodwala angatero?"

Ndinaimbira foni mayi anga ku Dedza kuwafunsa kuti magazi a ku Asia analowa bwanji mwa ine. Anandiuza kuti mayi awo, ali mtsikana, ankagwira ntchito m'sitolo ya mmwenye, ndipo anabwerera kumudzi ali ndi pakati. Mwamuna amene ine ndinkamutchula kuti agogo anawakwatira choncho, n'kulera mwanayo ngati wake, ndipo mudzi wonse unatseka pakamwa. Mayi anga ngoyera khungu, tsitsi lawo ndi lofewa, koma ife tinkangoti ndi chibadwa.

"Mwana wanga, zimenezi zithere m'khutu mwako," anandipempha. "Bambo amene anandilera aja asachite manyazi ali m'manda."

Sindinawamvere. Ndinkafuna kuti mwana wanga akhale ndi bambo, ndiye ndinapita kwa apongozi n'kukhuthula zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, akusenda chinangwa.

"Ohoo, ndiye n'zakumtundu," anatero. "Make mbuu, mwana mbuu. Agogo ake anatero, mdzukulu angalekerenji?"

Ndinaulula chinsinsi cha mayi anga ndipo sindinapindule kanthu. Nkhaniyo inayenda mpaka inakafika kwathu kudzera mwa ogulitsa nsomba. Lero mayi anga ndikawaimbira amayankha moni n'kunena kuti ali pa ntchito.

Banja linatha popanda phokoso. Ankhoswe anakumana, mwamuna wanga anati ana ndi a kuchikazi, choncho sakundilanda kanthu. Anatenga maukonde ake ndi nyale zake n'kupita. Ndikanakonda akanandimenya mbama, bwenzi ndili ndi chifukwa chomudera. Mpaka lero ndikuganiza kuti mumtima mwake amadziwa zoona, kungoti amaopa singano imene ingatsutse mayi ake.

Mwana wanga tsopano ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Masiku ambiri amapita kusukulu, amakhala kutsogolo, amalemba bwino kuposa ine. Koma malungo kapena chifuwa chikangomugwira, magazi amatsika msanga, ndipo nthawi zina pamafunika kumuthira ena. Sindiyembekezanso kuti zidzasintha. Ndimangowerenga m'zikope mwake m'mawa uliwonse ngati mlimi woyang'ana mitambo.

Chaka chatha, nthawi ya dzinja, anadwala kwambiri. Kuchipatala magazi anali ochepa, ndiye anatipempha kuti tibweretse achibale adzapereke. Ndinatambasula mkono wanga, koma atandiyeza anati anga omwe ngochepa, sangatenge. Ku Mbenji kunali kotseka, choncho ndinadziwa kuti bambo wake ali kumtunda, akusoka maukonde. Ndinameza manyazi n'kutumiza uthenga kudzera kwa mlamu uja. Yankho linabwera masana omwewo: magazi a kwawo sangagwirizane ndi a mmwenye, angamuphe mwanayo, iwo n'kusenza mlandu.

Thumba la magazi linapezeka tsiku lotsatira, la munthu amene sindimudziwa. Namwino atalipachika n'kulowetsa singano, mwana wanga analiyang'ana nthawi yaitali. Anali atandimva dzulo lake ndikutumiza uthenga uja.

"Amama, magaziwa ndi a adadi?"

Ine amene ndinathetsa banja chifukwa chosafuna kusiya choonadi cha theka, ndinati eya.

Anawongola kamkono kake pabedi n'kukhala phee, osatembenuka, osakanda ngakhale pamene ntchentche inamutera pamphumi. Ndinamuuza kuti akhoza kugwedezeka pang'ono, palibe vuto. Anakana. Anati akuopa kuti magaziwo angatayike, chifukwa adadi akamva kuti wataya sadzabwera kudzamuona.